Mpeni Ukhale Chitsekere

Lolemba, 6 Junyu 1988

Kaderino uyu, kabuku kolembamo, wandipatsa ndi infirimeru Inácio, namwino wa chipinda chino. Wati popeza ndinafika kalasi yachinayi kwa ansembe, ndizilemba ndekha madzi amene ndamwa, amene ndataya, ndi mtundu wake. Ndamwa makapu asanu. Ndataya kasanu ndi kawiri, pang'onopang'ono, ofiira ngati madzi otsukira nyama. Masamba achuluka kuposa madzi anga, ndiye ndizilembamo ndi zina.

Ndine Gaspar Kalekeni, mfunda wanga Phiri, wa mbali ya Cassacatiza ku Chifunde. Zaka zanga ansembe analemba zina, amayi ankanena zina. Tingoti ndadutsa makumi asanu ndi limodzi. Tafika kuno ku Tete dzulo pa koluna, makamyau, magalimoto a katundu aja, makumi awiri otsatana, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, masiku atatu pa njira. Akazi anga a Bernardete ali panja pansi pa mtengo ndi odwazika anzawo. Kama wanga ndi nambala 9, wa pa zenera.

Lachiwiri, 7 Junyu

Anditenga magazi pa mkono. Ndinamuuza Inácio kuti asavutike ndi singano, angotchera kapu, ine magazi ndikugawa ulere. Chipinda chonse chinaseka. Magazi anga akuti atsika kwambiri, afika pa 7.

Dotora wandizindikira. Ndi mayi uja wa ku Cuba amene anandipala chotupa m'chikhodzodzo mu 1986. Anatsegula buku lake lalikulu, naika chala pa dzina langa. Inácio akumasulira: "Akuti anakuuzani kuti chinthuchi chimaphukanso ngati chitsa, muzibwera miyezi itatu iliyonse adzaone. Papita zaka ziwiri. Pepala la kontrolo lili kuti?"

Ndinati matsanga, zigawenga zija, anatentha nyumba, pepala linapsera momwemo. Dotora anandigwira pa phewa, nati pepani.

Pepala linapsadi, koma wotentha ndine. Mapepala anasowa kwathu, ndipo lija linali lofewa bwino. Ndinapichiramo fodya, ndudu zinayi. Masiku onse a kontrolo ndinawasuta. Msewu ndi woopsa, inde, koma chimene ndinkathawa si msewu.

Lachitatu, 8 Junyu

Makapu asanu ndi limodzi. Ofiira, muli timagazi toundana.

A Bernardete abweretsa masau m'kansalu, aika pa kama, osakhala pansi. Chiyambire Paskwa sandiuza zoposa "mwadzuka bwanji". Ndilembe chifukwa chake muno, popeza kaderino saseka.

Albina ndi msuweni wanga, mwana wa atsibweni anga. Kwathu msuweni ndi mkazi wako wa pakamwa. Chiyambire tili ana ndimamuitana "mkazi wanga", iye amandiitana "chimwamuna changa chopanda ntchito". Amandilanda chipewa, ndimamubera mbatata pa moto, ngakhale pa maliro timatukwanana anthu n'kumaseka. Mwamuna wake Cipriano ankangopukusa mutu. Munthu wofatsa, wosoka mphasa.

Magazi atayambanso mvula ili pakati, ndinabisa. Tsiku lina pa mowa wa dima ndinapita kuseri kwa nkhokwe, mnzanga wina n'kuona pansi pafiira. Anakuwa, anthu anathamangira. Ndikanati chiyani? Kuti ndili ndi chotupa, ndipo mzimayi analowetsa chitsulo kumene sikulowa kanthu? Mu 1986 ndinauza mudzi wonse, ndi a Bernardete omwe, kuti ndinakachitidwa phudzi. Ndiye ndinaseka, ndinati, "Musadabwe, nkhalamba yadumpha mpanda wa eni, yakodwa." Anafunsa kuti mpanda wa yani. Ndinaloza ndi mlomo kwa Albina, amene ankapungula mowa pomwepo. Anthu anafa nacho chiseko. Albina anandigenda ndi chitsononkho. Ine ndinkati zathera pomwepo.

Sindinkadziwa kuti Cipriano ali mnyamata, popita kukagwira ntchito ku Rodeziya, anatchera mkazi wake likankho. Ndi mankhwala aja otsekera mu mpeni wopinda: wogona ndi mkaziyo amakodza magazi mpaka mwini mpeni autsegule. Zaka makumi atatu mpeni uli mu tsindwi, msampha osagwira kanthu. Kenaka ndabwera ine ndi magazi anga ndi pakamwa panga.

Cipriano sanamenye munthu, sanakuwe. Anapinda mphasa, natenga khasu ndi nkhwangwa, nabwerera kwa alongo ake ku Nsadzo. Akatekisita anamuchotsa Albina m'gulu la amayi a Legiyo, namuuza kuti azikhala kumbuyo m'kapela. Akafika ku chitsime amayi amasiya kulankhula. Mayi wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri.

Ndinapita kwa akatekisita kukanena kuti zinali nthabwala. Anati, "APhiri, nthabwala sizikodza magazi." Za chotupa sindinanene. Mpaka lero sindinanene.

Lachinayi, 9 Junyu

Pa kama 10 abwera a Teodoro a ku Zóbuè, matenda athu ndi amodzi. Anawapala chaka chimodzi ndi ine. Iwo abwera ku kontrolo kasanu ndi katatu, pa koluna ngati ine ndemwe. Katatu konse Dotora wapeza kanthu kakang'ono ngati nthanga ya mapira, n'kukawotcha, masiku atatu iwo ali kwawo. Pepala lawo amasunga m'kachitini ka fodya. Fodya anamutaya, n'kusunga pepala. Ine ndinachita zosiyana.

Ndinawafunsa ngati sachita manyazi ndi chitsulo chija. Anati, "Poyamba. Tsopano ndimangowerenga malata a denga. Alipo makumi anayi ndi limodzi."

Lachisanu, 10 Junyu

Andiona m'kati. Osadya chiyambire m'mawa. Jekeseni pa msana, miyendo ikhala ya mwini. Miyendo m'mwamba ngati nkhuku yosenda. Chitsulo chachitali cha kagalasi ndi kanyali, Dotora diso pa mapeto pake, ophunzira awiri aakazi akudikira nthawi yawo yosuzumira. Ndinati auzeni alipire, kanema saonera ulere. Inácio sanamasulire.

Malata alipodi makumi anayi ndi limodzi.

Andisiyira sonda, kapaipi kotulutsa madzi kupita m'botolo pansi pa kama. Sindiwerenganso maulendo, ndiwerenga mizere ya botolo. Mizere inayi, yofiira.

Lachiwiri, 14 Junyu

Dzulo anandibaya mankhwala a utoto pa mtsempha n'kundijambula kasanu. Impso ya kumanja ili bwino, ya kumanzere yatupa pang'ono chifukwa chotupa chatsamira pa khomo pake.

Dotora anajambula pa pepala thumba, m'kati mwake chinthu ngati chibowa. Akuti mu 1986 chinali ngati mtedza, pamwamba pokha. Lero chili ngati chibanthu cha dzungu, ndipo mizu yalowa m'khoma. Kupala sikuthekanso. Achotsa chikhodzodzo chonse. Akuti gwero lake ndi likodzo la paubwana, la m'madambo amene tinkasambamo tonse.

Ndinafunsa kuti nanga madzi azikhala kuti. Akuti kwina amaika thumba pa mimba, koma matumbawo kuno sapezeka, ndipo ku Cassacatiza ndingakawagule kwa yani. Ndiye mitsempha iwiri yochokera ku impso aisokera ku matumbo. Madzi azitulukira kumbuyo. Moyo wanga wonse wotsala ndizinjuta.

Ndinafuna nthabwala, sinabwere. Inácio anadikira, nayenso anadabwa.

Lachinayi, 16 Junyu

Lero ayesa ngati khomo la kumbuyo lili ndi mphamvu yosunga madzi. Anaphika phala lamadzimadzi la ufa wachikasu uja wa thandizo, n'kulithira ndi kapaipi kumene phala silidzera. Kenaka akuti yendani pa khonde ola lathunthu, lisadonthe.

Ndinayenda ngati mkwati pa tsiku la ukwati, botolo la sonda m'manja, mano okukuta. Odwala onse pa mazenera. Ndinawauza kuti boma laona kuti pakamwa panga patanganidwa, ndiye chakudya chayamba kudzera njira ina. A Teodoro anaseka mpaka kutsokomola. Ndapambana, silinadonthe.

Potembenuka pa mapeto a khonde ndinaona a Bernardete ataima pa mpanda, akundiyang'ana. Sadziwa kuti akundichita chiyani. Chipwitikizi samva, ndipo ine ndimawauza kuti akungondiwonjezera magazi.

Loweruka, 18 Junyu

Mabotolo awiri a magazi, dzulo ndi lero. Afika pa 10. Operasau yochotsa chikhodzodzo aika Lachiwiri pa 28.

A Teodoro apita kwawo, atadikira koluna sabata yathunthu. Ulendo uno sanawapeze kanthu. Potsanzika anandisiyira theka la sopo, nati, "Akazi anu aja amalira kuseri kwa thanki ya madzi. Auzeni chimene akulirira."

Lachisanu, 24 Junyu

Lero ndilemba zonse.

Masana ndikuwerenga ntchentche, ndangoona munthu waima kumiyendo kwa kama, fumbi mpaka m'nsidze, chipewa m'manja. Cipriano. Kumbuyo kwake a Bernardete.

Kani tisananyamuke kumudzi a Bernardete anayenda wapansi mpaka ku Nsadzo, kukamugwadira kuti andimasule. Anakana. Wagona nazo masabata atatu, kenaka wakwera koluna. Kamyau ya patsogolo pawo inaponda bomba lokwirira, anthu anayi anatsala pomwepo. Iye sananene zimenezo, wandiuza ndi Inácio amene analandira ovulala.

"Alamu," anatero, "ndabwera. Mbuzi sindifuna, nkhuku sindifuna. Munthu asafe ndi dzanja langa. Mungovomera pamaso pa akazi anu, nditsegule, ndizipita."

Anamasula kansanza, m'kati muli kampeni kadzimbiri.

Lilime langa linathamanga lokha. "Alamu, umenewo ngakhale mbatata sungasende." Palibe anaseka.

Ndisaname muno: ndinkafuna autsegule. Munthu woti atumbulidwa mimba Lachiwiri sakana mankhwala a mtundu uliwonse. A Bernardete ankandiyang'ana ndi maso opempha. Liwu limodzi lokha, inde, aliyense akanapita mtima uli m'malo. Kupatula Albina.

Ndinati, "Musatsegule."

Ndinanena zonse, amuna makumi awiri akumva. Za 1986, za phudzi labodza, za chitsulo, za pepala limene ndinasuta, za phala. Ndinati Albina sindinamugwirepo ngakhale chala, kupatula pomulanda mbatata.

Cipriano anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Alamu, inu munanenapo zoona liti? Si inu munauza amayi anga kuti boma likulemba nkhuku usilikali, iwo n'kukabisa nkhuku kudambo sabata yathunthu?"

Wina pa kama 3 anaphulika chiseko, n'kudzitseka pakamwa.

Inácio anabweretsa buku la Dotora, namuonetsa dzina langa ndi chaka. Cipriano sawerenga, koma mutu uli nawo. Anati, "Buku likuti 86. Inu ndi Albina ndinu asuweni chibadwire. Buku likudziwa chiyani za 85?"

Ndiye ndinati, "Chabwino. Mpeni ukhale chitsekere. Ngati ndi msampha wanu, Dotora adule mmene angadulire, ine sindidzuka. Koma ndikadzuka, magazi n'kuleka mpeni uli wotseka, mukamupepese Albina."

"Nanga mukafa?"



"Mukafa ndiye kuti n'zoona," anadziyankha yekha.

Tapereka mpeni kwa Inácio. Waumata kapepala kolemba kama 9, n'kuutsekera m'kabati ya mankhwala. Wati zaka khumi ndi zisanu ali pa ntchito, mankhwala a mtundu uwu sanasungepo.

Loweruka, 25 Junyu

A Bernardete lero akhala pansi. Ndikanakonda akanaima.

"Za chigololo ndinali nditakhululuka kale," anatero. "Ndinapemphera korona mwezi wathunthu kuti mtima ulole. Ndinagwada pa fumbi kwa mwamuna wa mwini, alongo ake akuonerera. Lero mukundiuza kuti ndinagwadira nthabwala?"

Ndinati ndinkachita manyazi.

"Manyazi ndi ine? Zaka makumi anayi ndikukuchapirani kabudula, mumati sindidziwa kuti muli ndi chikhodzodzo? Munaona kuti kutchedwa wachigololo n'kwabwino kuposa kutchedwa wodwala. Inu anzanu ankakuombani pa msana kuti nkhalamba ikadali ndi mphamvu. Albina ankatunga madzi yekha."

Anandisendera lalanje, n'kundipatsa osandiyang'ana.

Lolemba, 27 Junyu

Masiku awiri madzi okhaokha ndi mankhwala otsuka m'mimba. Andimeta kuyambira pa chifuwa mpaka m'maondo. Ndasaina ndi dzanja langa, ena amadinda chala.

Ndinamufunsa Dotora kuti pa anthu khumi a msinkhu wanga, angati amatuluka muno ndi miyendo yawo. Anaganiza, nati asanu ndi atatu. Awiri ayi.

Lachisanu ndinkadziona ngati mwamuna. Lero ndaona bwino chimene ndachita. Ndaika dzina la Albina pa juga kachiwiri, osamufunsa, ndipo ulendo uno ndabetchera pa thupi lovunda. Mtima ukangoima pa meza, tebulo la operasau lija, chifukwa cha ukalamba chabe, iye adzakhala kumbuyo m'kapela mpaka imfa. Ambuye, ine sindinakupempheni zambiri, ndimangokusekani ansembe anu. Musanditenge sabata ino. Sabata ina iliyonse tikambirana.

Lachisanu, 1 Julyu

Ndilipo.

Loweruka, 2 Julyu

Akuti maola asanu pa meza. Mabotolo atatu a magazi. Mapaipi anayi: m'mphuno, pa mkono, pa mimba, kumbuyo. Osamwa kanthu. A Bernardete amandinyowetsa milomo ndi thonje.

Lamulungu, 3 Julyu

M'botolo la kumbuyo muli kufiira. Cipriano anawerama, anayang'ana nthawi yaitali, natuluka. Inácio akuti ndi magazi a bala, aliyense amatero. Cipriano sanalipo pomwe ankanena.

Lachiwiri, 5 Julyu

Thupi moto, 39 ndi theka. Jekeseni kanayi pa tsiku. Ndinamva a Bernardete akupempha Inácio kiyi wa kabati. Ndinalibe mawu, ndinangomenya chitsulo cha kama ndi supuni mpaka anatembenuka. Ndinapukusa mutu.

Lachisanu, 8 Julyu

Kutentha kwatsika, 37 ndi pang'ono. Paipi ya m'mphuno achotsa. Tiyi masupuni khumi. Mphepo ya m'mimba yatuluka kumbuyo, Dotora anaomba m'manja. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchita zimenezi popanda wondiyamikira.

Botolo: ngati tiyi wopepuka.

Lolemba, 11 Julyu

Cipriano wasanduka infirimeru wachiwiri. M'mawa uliwonse amabwera, amanyamula botolo, amaliyang'anitsa pa dzuwa la pa zenera ngati woombeza. Kenaka amapita kwa Inácio kuti amuonetse mpeni. Amaugwira, amaona kuti ndi wotseka, amaubweza. Popeza koluna yobwerera kulibe, amagona pansi pa mtengo ndi odwazika, ndipo wayamba kuwasokera mphasa zong'ambika. Ndi iye amanditembenuza pa kama, a Bernardete sangathe okha.

Botolo: loyera, lachikasu pang'ono. Tsiku lachitatu lotsatana.

Lachinayi, 14 Julyu

Paipi ya kumbuyo achotsa, ulusi wa pa bala theka achotsa. Ndayenda mpaka pa khomo. Tsopano ndi sukulu yatsopano: maola awiri aliwonse kupita kukanjuta, kufuna kusafuna. Ndachedwa kamodzi, nsalu za pa kama zanyowa. Wochapa sananene kanthu. Kukhala chete kwake kunandipweteka kuposa bala.

Cipriano lero sanapemphe kuona mpeni. Anakhala pa mpando, chipewa pa bondo.

"Masiku asanu ndi limodzi," anatero.

Ndinati inde.

"Ndiye ine ndachita chiyani, alamu?" Sankafunsa ine. "Mkazi uja sankadziwa n'komwe kuti ndinamutchera. Wamvera pa bwalo, pamodzi ndi ana ake. Zaka makumi atatu akundiphikira, mpeni uli pamwamba pa mutu wake."

Ndinati mlandu ndi wanga.

"Wanu ulipo," anatero. "Musandilande wanga."

Chakudya cha masana sanadye.

Lolemba, 18 Julyu

Dotora anandiitanira m'kachipinda kake, ine ndi Inácio basi. Akuti bala likupola bwino, impso zonse zikugwira. Koma potsegula anapeza anabere a m'mbali mwa chikhodzodzo atauma kale ngati nsawawa. Anachotsa amene anawaona. Amene sanawaone sangawadziwe. Kwa anthu otere, ambiri chimabwerera, ena chaka chisanathe, ena ziwiri. Chikabwera chingadze ndi ululu wa msana, kutupa miyendo, kapena magazi kachiwiri.

Ndinafunsa kuti ndikanabwera nthawi ija ankanena, bwenzi zili bwanji. Anandiyang'ana, nati mwina bwenzi ndili ngati a Teodoro, mwina ayi. Ndi mayi wachifundo. Ndinamuuza za ndudu zinayi zija. Inácio anamasulira monyinyirika. Dotora sanaseke, sanakalipe. Anangolemba pepala lina la kontrolo, 25 Outubru, n'kulipereka kwa Inácio kuti akapatse akazi anga, osati ine.

Inácio potuluka anati nkhani ya anabere ambiri sauza a kunyumba, amangoti zayenda bwino. Wati ndisankhe ndekha.

Lachiwiri, 19 Julyu

Ndaganiza m'mawa wonse. Ndikabisa, ndipita kumudzi ngati ngwazi, a Bernardete adzagona tulo chaka chimodzi. Koma tsiku limene magazi adzabwerenso, anthu sadzakumbukira Dotora. Adzati msampha unangogona, wadzuka. Adzapitanso pa khomo pa Albina, ine ndili m'manda wosatha kutsutsa.

Ndiye ndinapempha Dotora anene yekha pamaso pa onse awiri. Ananena, Inácio akumasulira liwu ndi liwu. Ndinapemphanso kalata ya kwa akatekisita, ya chidindo, yonena kuti matendawa angabwerere ndipo gwero lake ndi likodzo.

A Bernardete anafunsa funso limodzi: "Chimanga cha chaka chino adzadya?" Dotora anati akuyembekeza choncho. "Nanga cha chaka chamawa?" Dotora anatambasula manja.

Anapinda pepala la kontrolo kanayi, nalimanga pa mfundo ya nsalu. Sanalire pamaso panga. Thanki ya madzi ndiyo ikudziwa.

Cipriano anati, "Ndiye tifulumire, alamu, mukadali ndi nkhope ya munthu wochira."

Lachiwiri, 26 Julyu

Atitulutsa. Malamulo: madzi makapu asanu ndi atatu pa tsiku. Soda theka la supuni yaing'ono m'mawa ndi madzulo, kuti magazi asawawase. Kunjuta maola awiri kapena atatu aliwonse. Thupi likatentha ndi kuwawa m'nthiti, osadikira, ndi impso. Khasu miyezi itatu ayi. Fodya ayi mpaka kalekale. Pa kontrolo adzayesa magazi, adzajambula impso, adzapapasa m'mimba. Chitsulo chija sichidzandionanso, popeza nyumba imene chinkayendera anaigumula.

Kulemera: makilo 49. Ndinalowa ndi 56.

Inácio anatulutsa mpeni kuti abweze. Cipriano anati ausunge, kapena autaye mu Zambezi, iye saufunanso. Inácio wati kaderino ndipite naye.

Loweruka, 30 Julyu, pa njira

Koluna siima chifukwa cha nkhalamba. Ndinapirira maola atatu, kenaka ndinalephera, pakati pa anthu ndi matumba a mchere. Mayi wina anasuntha mwana wake. Itaima, asilikali analetsa kulowa m'tchire chifukwa cha mabomba, aliyense achite zake pa msewu pomwepo. Amuna anaima m'mbali mwa matayala. Ine ndinanjuta. Msilikali wina anati, "Agogo, mwasanduka amayi?" Yankho ndinali nalo, labwino ndithu. Ndinalimeza.

Cipriano anatenga nsalu ya a Bernardete, naitambasula, naima pakati pa ine ndi anthu, nkhope atayang'ana kumbali. Wachita zimenezi paliponse pamene taima.

Lamulungu, 7 Agoshitu, kumudzi

Makapu asanu ndi atatu. Oyera.

Mapemphero atatha akatekisita anati a Kalekeni ali ndi mawu. Nditangoimirira anthu anayamba kale kumwetulira. Ndinati ndinanama. Anaseka. Ndinati ndinali ndi chotupa m'chikhodzodzo chiyambire 1986. Wina kumbuyo anati, "Chotupacho dzina lake ndani?" Kapela yonse inagwedezeka. Akatekisita anawerenga kalata, koma anthu ankangodikira pamene nthabwala ithere.

Ndiye ndinavula malaya. Ndinamasula lamba, n'kuwaonetsa bala kuyambira pa mchombo kutsika, pamaso pa amayi, pamaso pa apongozi anga. Ndinawauza mmene ndimatayira madzi tsopano, ndi zimene zinandichitikira pa kamyau. Ndinawauza kuti chidzabweranso, ndipo chikadzabwera asadzafunse kwa munthu wina aliyense. Chiseko chinazima. Cipriano anaimirira, nati mpeni sunatsegulidwe, anaona ndi maso ake masiku onse. Kenaka anatembenukira kumbuyo kwa kapela kumene kunali Albina, nagwada pa dothi.

Mtsogoleri wa Legiyo anapita kukamugwira Albina dzanja kuti abwerere pa malo ake. Albina anati lero akhala pomwe anazolowera, kutsogolo adzapita sabata yamawa ndi miyendo yake. Khasu la Cipriano walola kuti lilowe m'nyumba. Mwini wake akugona kaye m'khitchini.

Panja ndinamudikira Albina pansi pa mthethe. Ndinkayembekeza chitsononkho, kapena mbama, kapena kuti andilande chipewa n'kuchiponya pa denga. Ndinachipendeketsa dala kuti chikhale chosavuta kulanda.

Anabwera, naima patali pang'ono. Anagwada mwaulemu wonse, manja pamodzi, maso pansi, monga achitira ndi mlendo wa msinkhu.

"Mwayenda bwanji, aPhiri? Tamva kuti munadwala. Pepani."

Anadzuka, nakonza nsalu yake, napita.